Chigubu cha m'buti

 Inu amene muli pachiwongolero, maso akhale pamsewu, ine mungondibwereka khutu, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu.

Tiyeni tiyambire m'buti. Mukatsegula buti ya galimoto zambiri za kaunjika zimene zadzaza m'misewu yathuyi, mupeza tayala lapadera, jeke, sipanala, ndipo pakona penipeni pali chigubu cha malita 5 chodzaza madzi. Mwini wake mukamufunsa amayankha mosatekeseka: "Aaa, imeneyi imamwako madzi pang'ono, koma injini ili bwinobwino." Amayankhula ngati akunena za ng'ombe. Omvera, galimoto siimwa madzi. Njira ya madzi a mu injini ndi yotsekeka, madzi omwewo amangozungulira miyezi ndi miyezi. Ngati mukuthira lita sabata iliyonse, ndiye kuti lita ina ikutuluka penapake sabata iliyonse, ndipo chigubu chija chikungokuthandizani kuiwala kufunsa kuti ikutulukira pati.

Ine ndinaphunzira movutikira. Unali mwezi wa Okutobala, tikuchokera kumaliro ku Nchalo, anthu asanu m'kagalimoto kamene ndinali nditangogula, m'buti muli thumba la mapira. Dzuwa la ku Chigwa cha Shire mukulidziwa. Tinawoloka mlatho, tinadutsa pa Thabwa, n'kuyamba kukwera zitunda zopita ku Blantyre zija. Tili pakati pa makhotolo, kanyali kofiira kanayamba kuphethira padashibodi. Ndinakaona ndithu, sindinganame. Koma mumtima ndinati tifike kaye pamwamba, kukazizira kumeneko. Apongozi anga anali kumbuyo, ndipo kuima pamtunda boneti ili yasa, apongozi akuonerera, ndinaona ngati n'kudzichotsa ulemu. Sitinayende mtunda wautali. Galimoto inayamba kufooka, mu injini mukumveka ngati wina akugwedeza misomali m'chitini, kenako nthunzi kuti fuu pansi pa boneti. Ulemu umene ndinkausunga uja unathera pamenepo, apongozi anakwera minibasi.

Atamasula injini ku galaja anapeza gasiketi yapsa, hedi yapindika, yofunika kukaipala. Koma chimene chinayambitsa zonsezo chinali chitsekero cha rediyeta, chimene amakaniko amangoti kapu. Kalabala kake kanali katang'ambika. Chinthu cha mtengo wa nkhuku chinandidyera ndalama ya mbuzi zingapo.

Kuti timvane bwino, tione kaye zimene zimachitika pansi pa boneti. Petulo akamayaka mu injini, mphamvu imene imafika kumatayala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo ndi kutentha kumene madzi ayenera kunyamula. Pampu imakankha madzi m'tinjira ta m'kati mwa injini, madziwo amatenga kutentha n'kutulukira papayipi yapamwamba kupita ku rediyeta, mphepo imawaziziritsa, n'kubwerera papayipi yapansi. Galimoto ikamathamanga mphepo imalowa yokha. Ikaima, fani ndiyo imapemerera. Pakhomo pa njira imeneyi pali kamlonda kotchedwa themositati, kamene kamatseka injini ikazizira n'kutsegula ikatentha. Pa galimoto zambiri za Toyota kamayamba kutsegula pa madigiri 82.

Nanga kapu ija ntchito yake n'chiyani? Kusukulu tinaphunzira kuti madzi amawira pa madigiri 100. Zimenezo n'zoona m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuno kwathu, malo okwera ngati Lilongwe, amawira asanafike pamenepo, cha m'ma 96 kapena 97, ndipo ku Dedza amafulumirako kuposa apo. Tsono injini ikamakwera chitunda madzi ake amafika m'madigiri omwewo. Chimene chimaletsa kuti asawire ndi kapu, chifukwa imapanikiza madziwo monga muja umachitira mphika wophikira nyemba wotseka ndi loko uja. Yang'anani pamwamba pa kapu yanu, mupeza palembedwa 0.9 kapena 1.1. Imeneyo ndi mphamvu imene imagwira, ndipo kapu yabwino imachititsa kuti madzi apirire mpaka cha m'ma 120 osawira. Ikatopa sipiling'i, kapena labala akang'ambika, madzi amawira msanga, amathawira m'kabotolo kapulasitiki kapambali kaja mpaka kusefukira, ndipo inu mumangoona kuti akuchepa koma pansi posaoneka dontho.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Kuwira kwa injini kuli ngati kutentha thupi kwa mwana: kumakuuzani kuti china chake chalakwika, koma sikukuuzani kuti n'chiyani. Dokotala wabwino amafunsa kuti thupi limatentha nthawi yanji. Makaniko wabwinonso, musanamupatse kiyi, ayenera kukufunsani kuti galimotoyi imawira liti. Akapanda kufunsa, akangoti "imeneyi ndi gasiketi, bwana, timasule hedi", tengani kiyi wanu.

Ena a inu galimoto imawira mukakhala pamdipiti wa m'tauni, mwachitsanzo madzulo pa Chipembere Highway kapena pa mlatho wa Lilongwe, koma mukangotuluka n'kuponda moto muvi wa geji ya kutentha umatsika wokha. Pamenepo rediyeta ikugwira ntchito, chikusowa ndi mphepo. Yang'anani fani. Lizani injini, yatsani eyakoni, muone ngati fani ikuzungulira, chifukwa pa galimoto zambiri imayenera kudzuka eyakoni ikangoyaka. Ikakhala duu, yambani ndi fyuzi, kenako rileyi, kenako mawaya ndi pulagi yake, ndipo pomalizira mota ya faniyo. Nthawi zina mota yotopa imadzuka mukaigogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Ikatero musasangalale kuti yachira, yangokuululirani kuti ili kumapeto. Ndipo zala zanu zitalikire, fani yamagetsi imadzuka osachenjeza.

Ena n'zosemphana. M'tauni galimoto ili phee, koma mukangoiika pamsewu wautali kapena pa chitunda, monga pa Chiweta kapena Khwekhwerere pochokera ku Golomoti, muvi umayamba kukwawa. Apa fani musaivutitse. Injini ikutulutsa kutentha kwambiri kuposa kumene rediyeta ikutha kutaya, ndipo kawirikawiri ndiye kuti rediyeta yatsekeka, kunja kapena m'kati. Kunja kumatsekeka ndi zinthu zathu zomwezi: fumbi la m'chilimwe, njere za udzu, ngumbi za mvula yoyamba, ndipo oyenda m'mbali mwa nyanja akudziwa zimene nkhungu zimachita. Chinyengo chake n'chakuti chimene mumaona mukasuzumira kutsogolo si rediyeta, ndi kondensa ya eyakoni. Rediyeta ili kumbuyo kwake, ndipo zinyalala zimaunjikana pampata wa pakati pa ziwirizi, pamene diso silifika. Ndinaonapo makaniko akutulutsa pamenepo chinthu chonga bulangete la udzu ndi nthenga. Anangotsuka ndi madzi a papayipi kuchokera kumbuyo, galimoto n'kuchira. M'kati namo mumatsekeka ndi dzimbiri ndi miyala ya madzi, ndibwererako pamenepo. Kuti mudziwe, zimitsani injini itatentha, muyendetse dzanja mosamala pafupi ndi rediyeta. Ikakhala yotentha mbali ina, yozizira mbali ina, timapaipi tina tafa.

Palinso galimoto imene imawira msangamsanga, mphindi 10 zisanathe chilizireni, kaya ili pamalo amodzi kaya ikuyenda. Imeneyo madzi sakuzungulira. Mwina themositati yakakamira chotseka, mwina pampu yafa, mwina lamba woyendetsa pampu waduka kapena walefuka. Injini ikamalira ngati mwanapiye m'mawa, ndi lamba ameneyo. Pampu nayo imachenjeza isanafe: ili ndi kabowo pansi pake kamene kamayamba kudontha, n'kusiya chipsera choyera kapena chofiirira ngati mchere wouma. Pali pampu zina zimene mapiko ake anadyeka ndi dzimbiri, kunja zikuzungulira bwinobwino koma m'kati zikungovundula madzi osawakankha.

Tipume pang'ono ndi nyimbo, tikabwera tikambe za kamlonda kamene amakaniko ambiri amadana nako.

Tabweranso, omvera. Amene mwangotipeza kumene, tikukamba za injini yowira.

Pali chiphunzitso chimene chinakhazikika m'magalaja athu, chakuti themositati ndi ya kumayiko ozizira, kuno ku Africa ndi yosafunika. Galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam, isanawire n'komwe, wina amakulangizani kuti mukachotse. Ine ndikukana, ndipo ndikana mpaka kalekale. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha, cha m'ma 85 mpaka 95. Mukachotsa themositati imachedwa kufika pamenepo, ndipo m'mawa wa Juni ku Mzuzu kapena potsetsereka mtunda wautali mwina siifikako n'komwe. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini ikadali yozizira imawonjezera petulo. Ndiye inu amene mumagona pamzere pa filing'i siteshoni mukuwotcha mafuta mwaulere, oyilo akuda msanga, injini ikudyeka. Choipa kwambiri n'chakuti pa injini zambiri themositati ikatsegula njira ya ku rediyeta imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Ikachoka, madzi ena amangozungulira m'kanjira kachidule kaja osapita kukazizira. Ngati themositati yafa, gulani ina. Kuiyesa n'kosavuta: iponyeni mumphika wa madzi pamoto, muone ngati itsegule kukamwa madzi asanabwate. Ikatsegula, mlandu si wake, funani kwina.

Chimodzimodzi kulumikiza fani kuti izingozungulira kiyi akangotembenuzidwa. Pamsewu, usiku, kuti mukafike kunyumba, palibe angakudzudzuleni. Koma kuyenda nayo choncho chaka chonse ndiko kumanga nsanza pabala losatsuka.

Tibwere ku madzi enieniwo. Galimoto ikamachoka ku Japan imakhala ndi madzi amtundu, apinki, ofiira, obiriwira kapena abuluu, amene timati kulanti. Ambiri timaganiza kuti ntchito yake n'kuletsa madzi kuundana m'chisanu basi, ndiye poti kuno sikugwa chipale, timathira a pamjigo. Koma kulanti ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo amakwezanso mlingo umene madzi amawirira. Madzi a pamjigo, makamaka m'madera amene amamveka mchere, amachita mu rediyeta zimene amachita m'ketulo yanu. Kasuzumireni m'ketulo ya kunyumba, muone chikhokho choyera chija, kenako muganize kuti timapaipi ta rediyeta n'topyapyala kuposa chala cha khanda. Mukatsegula kapu n'kupeza madzi ofiirira ngati a m'chithaphwi, dziwani kuti injini ikudzidya m'kati. Kulanti wapinki wa Toyota amapirira mpaka makilomita 160,000 ulendo woyamba, kenako 80,000, koma galimoto ya zaka 12 kapena 15 imene mwalandira, mukudziwa kuti anasintha liti? Khetsani, tsukani, thirani watsopano, ndipo werengani pabotolo ngati ndi wosungunula kale kapena wofunika kusakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere. Musasakanize mitundu mwachisawawa. Ndipo chonde, kulanti ndi poizoni wotsekemera. Musasunge m'botolo la zakumwa pamene ana amafika, ndipo wokhetsedwayo asatsale m'beseni kuti galu anyambite.

Za mazira, ufa ndi sopo zimene ena amathira mu rediyeta kuti zitseke podontha, sinditayapo nthawi. Zimatseka bowo, inde, n'kutsekanso timapaipi tabwinobwino.

Pali chinthu china chokhudza galimoto za kaunjika chimene ogulitsa satiuza. Amatilozera makilomita ochepa padashibodi, ife n'kukomedwa. Koma labala ndi pulasitiki sizikalamba ndi makilomita okha, zimakalamba ndi zaka. Rediyeta za masiku ano zili ndi mathanki apulasitiki, ndipo thanki yakuda ikayamba kuoneka yofiirira ngati khofi wamkaka, yauma, tsiku lina idzang'ambika cha pakhosi. Mapayipi nawo afinyeni injini itazizira. Yabwino imabwerera ngati mpira. Yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa pafupi ndi chomangira, kapena youma gwa, nthawi yake yatha.

Tsono gasiketi, dzina limene limagonetsa anthu ndi njala. Gasiketi ya hedi ndi kachipepala kachitsulo kamene kamalekanitsa moto, madzi ndi oyilo pakati pa hedi ndi thunthu la injini. Hedi za galimoto zathuzi ndi za aluminiyamu, chitsulo chosachedwa kupindika chikapsa. Zizindikiro zake zilipo. Utsi woyera wochindikala, wonunkhira motsekemera, wosatha ngakhale injini yatentha. Kautsi ka m'mawa kozizira kamene kamatha pakapita mphindi zochepa si kanthu. Pansi pa chitsekero cha oyilo kapena pa kawaya koyezera pakaoneka phala longa tiyi wamkaka, madzi alowa mu oyilo. Mukaliza injini yozizira kapu itachotsedwa, n'kuona thovu likubwera mosalekeza, ndiye kuti mpweya wa moto ukulowa m'madzi. Payipi yapamwamba ikauma ngati tayala patangopita mphindi imodzi chilizireni, n'chimodzimodzi. Koma dziwani kuti gasiketi ikhoza kupsa oyilo ali woyera bwinobwino. N'chifukwa chake magalaja ena ali ndi kachubu ka madzi abuluu kamene amaika pakamwa pa rediyeta: madziwo akasanduka achikasu, mlandu watha. Alinso ndi kapampu kamanja kopopera mpweya mu rediyeta injini ili chozima, kuti podontha padziulule. Funsani mayeso awiriwa musanalole munthu kumasula bawuti ngakhale imodzi ya hedi. Ndipo akakonza gasiketi, muwafunsenso kuti chinaiwotcha n'chiyani. Gasiketi nthawi zambiri imakhala yophedwa, wakupha amakhala fani, kapu kapena rediyeta, ndipo mukamusiya momwemo adzaphanso yatsopanoyo.

Inu amene mukufuna kugula galimoto, kaya pamalo ogulitsira kaya kwa dobadoba, pitani m'mamawa mosapangana nthawi, muipeze itazizira. Mukapeza boneti ili yofunda kale, dzifunseni kuti anailiziranji. Injini yotsukidwa mbee nayo ndimaikayikira, chifukwa zipsera za podontha zimapita ndi sopo. Tsegulani kapu, onani mtundu wa madzi. Suzumirani m'buti ngati muli chigubu. Poyesa musangozungulira mseri mwa nyumba, ikwezeni chitunda eyakoni ili yoyaka, kenako muimitse ikulira mpaka fani idzuke n'kuzimanso yokha. Yatsaninso hita, ngakhale kukutentha, wogulitsa akuyang'aneni ngati wamisala. Hita imafunda ndi madzi omwewo a mu injini, ndiye ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, madzi achepa, muli mpweya, kapena wina anadula mapayipi ake pobisa kudontha.

Ndinatsala pang'ono kuiwala chinthu chimene chinandipweteka ine. Galimoto zing'onozing'ono zambiri, monga Vitz, Fit ndi Note, zilibe geji ya muvi. Zili ndi kanyali kabuluu kapena kobiriwira kamene kamayaka m'mawa kusonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yapsa. Pakati palibe chokuchenjezani. Kofiirako kakayaka, nthawi yokambirana yatha kale. Kwa inu a geji, pali msampha wina: muvi ukakwera mpaka pamwamba kenako n'kutsika wokha mwadzidzidzi, musathokoze Mulungu msanga. Mwina madzi atheratu, ndipo kachipangizo koyezera kutentha katsala pouma.

Zikakuchitikirani pamsewu, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mawindo omwe, chifukwa hita ndi karediyeta kachiwiri, imachotsako kutentha. Patukani pamalo oyamba otetezeka, ikani zizindikiro zanu zamakona atatu zija, zimitsani injini. Nthunzi ikamatuluka, boneti idikire. Ndipo kapu musaikhudze. Ndikubwereza, makamaka kwa inu makondakitala a minibasi amene mumatsegula ndi chinsanza mutapotoza nkhope: madzi amene ali m'menemo apitirira madigiri 100, ndipo mukangomasula amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kulumphira kumaso. Mu Hiace injini ili pansi pa mpando, ndiye amene amapsa si inu nokha, ndi mayi wonyamula mwana amene wakhala pafupi. Tsitsani anthu kaye. Dikirani mphindi 30 kapena kuposa, mpaka payipi yapamwamba ifewe ndipo mutha kuigwira ndi dzanja. Musathire madzi ozizira mu injini yamoto, kapena kuikhuthulira ndowa pamwamba, chitsulo chimang'aluka ngati mbale yadothi. Ikazizira thirani pang'onopang'ono, madzi alionse oyera amene mwapeza, cholinga mukafike ku galaja. Kumeneko mukakhetse, ndipo akachotsemo mpweya bwinobwino pothira kulanti, poti mpweya wotsalira umawiritsanso injini yopanda vuto.

Nthawi yatithera, omvera. Pempho langa ndi ili: mawa m'mawa, musanalize galimoto, tsegulani boneti. Onani ngati madzi a m'kabotolo ali pakati pa mizere iwiri ija, tembenuzani kapu muone labala wake, gwadani muone pansi pamene galimoto inagona. Ndipo ngati mwezi uno mwathira madzi kawiri, pitani nayo ku galaja sabata ino, mukawauze kuti imawira liti.